Ndinkakulunga zitumbuwa m'mapepala a mlongo wanga

Inu owerenga, ine ndine mayi amene ndinkakulunga zitumbuwa m'mapepala amene anadzapulumutsa mwana wanga. Lero ndikakumbuka ndimaseka mpaka misozi, koma kupusa kwangako kunatsala pang'ono kundilowetsera maliro m'nyumba.

Kwathu ndi cha ku Edingeni. Nditakwatiwa, bambo anga ondibereka anagulitsa ng'ombe za malowolo anga kuti mlongo wanga wamng'ono apitirize sukulu. Sindinadandaule. Ndinkati akadzakhala dokotala, ine mwini ng'ombe ndizidzabayidwa jekeseni osaima pamzere. Mnyamatayo anaphunziradi mpaka kunja, koma atabwera kudzationa analibe ngakhale m'bulu umodzi wa mankhwala m'thumba. Anati ntchito yake ndi kufufuza za khansa ya ana, kuunika tizinthu pa makina, kenako n'kulemba zimene wapeza. Ndinapsa mtima. Ng'ombe zonse zija kuthera pa munthu wongolembalemba ngati kalaliki! Ndinamupatsa dzina loti dokotala wopanda jekeseni, ndipo mudzi wonse unalitola.

Iye sankakwiya. Zolemba zake zikasindikizidwa ankanditumizira pa positi, pamwamba atalemba ndi dzanja m'Chitumbuka chathu kuti "Kwa mdumbu wane," kutanthauza kwa mlongo wanga. Zinali m'Chingerezi chokhachokha, pomwe ine sukulu ndinangoinunkhiza. Nthawiyo ndinkagulitsa zitumbuwa mumsika wa pa Mzimba boma, masiku aja oti wopanda khadi la chipani pachipata sadutsa. Mapepalawo anali olimba, osabooka ndi mafuta. Ndinati chabwino, ng'ombe zanga zayamba kubwerera pang'onopang'ono.

Kenako mwana wanga wachiwiri, mnyamata amene anali atangoyamba sukulu, anatupa tsaya. Apongozi anati ndi matsagwidi, zitha zokha. Kwathu mwana ndi wa kuchimuna, ndiye mawu a apongozi sutsutsa wamba. Komanso kunena zoona, nanenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Tinadikira. Tsaya linkangokulirakulira, mano anayamba kugwedera, diso n'kuyamba kukankhidwa. Ndinachita mantha.

Tsiku lina mumsika, ndikung'amba pepala loti ndikulungire kasitomala, ndinaona chithunzi cha mwana wotupa tsaya. Zithunzi zotere ndinkaziona kale, koma ndinkafulumira kuzitembenuzira pansi kuti ogula asanyansidwe. Tsikulo ndinayang'anitsitsa. Kutupa kwake kunali ndendende kwa mwana wanga. Pambali pake panali chithunzi china cha mwana yemweyo, tsaya litaphwa, akumwetulira.

Zitumbuwa ndinasiyira mnzanga. Sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinathamangira kunyumba, n'kubereka mwana kumsana, wamkulu choncho, n'kukwera lole yopita ku chipatala cha mishoni, pepala lamafuta lija ndalimanga pa nsonga ya chitenje.

Dokotala wake anali wachinyamata, wa konkuno. Atamupima mwana ndinamasula pepala lija mwamanyazi, likununkha nthochi. Anawerenga dzina la wolemba, n'kundiyang'ana.

"Mama, mwalitenga nkhu ili?"

Ndinati ndi la mlongo wanga, ndimakulungira malonda. Munthuyo anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa pepala lomwelo, lake loyera bwino, lodulidwa mizere ndi pensulo. Anatulutsanso mabuku ochokera kunja, n'kumandilozera dzina la kwathu kumapeto kwa zolemba za madokotala ena. Anandifotokozera kuti ofufuza akatsamira pa ntchito ya mnzawo amamutchula dzina, ndipo mlongo wanga ankatchulidwa ndi anthu oti sanamuonepo n'komwe.

"Mdumbu winu uyu watithandiza chomene. Mbwenu mwana timugoneka lero lomwe."

Anandiuza kuti sanali matsagwidi, inali khansa ija mlongo wanga ankafufuza. Mwana anamuyambitsa mankhwala odzera mumtsempha. Mwana anasanza, tsitsi linathothoka, ine mtima uli m'mwamba. Koma abale anga, patangopita masabata ochepa tsaya linayamba kuphwa. Tsiku limene anapempha yekha chimanga chootcha ndinavina m'wodi, manesi akuomba m'manja. Apongozi omwewo anabwera ndi nkhuku, akulira ndi chimwemwe.

Mlongo wanga atabwera pa Khirisimasi ndinagwada pamaso pake, ine wamkulu, n'kuulula zonse. Ndinkayembekeza kuti akhumudwa. Iye anaseka mpaka kutsamwa, nati zolemba zake zafika kutali, koma sankadziwa kuti zafikanso m'manja mwa aliyense wodya zitumbuwa pa Mzimba. Ataleka kuseka anamuitana mwana uja, n'kumugwiragwira tsaya. Ndinaona misozi ikutsika.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chakuti mwana wanga diso lija siliona bwino. Dokotala anati tikanafika msanga likanapulumuka. Chithunzi chochenjeza chinali m'dengu mwanga nthawi yonseyo, ine ndikuchitembenuzira pansi.

Tsono inu owerenga, mwana akatupa tsaya ndipo sakuphwa, musadikire mawu a wina aliyense, thamangani naye kuchipatala. Ndipo ngati muli ndi m'bale amene ntchito yake simukuimvetsa, mufunseni akufotokozereni musanamupatse dzina lachipongwe. Ine dokotala wopanda jekeseni uja sanandibayepo ngakhale kamodzi, koma mwana wanga ali moyo, ndipo za ng'ombe zija sindinazitchulenso.