Ndinakana Kuti Ndinawalola a Saidi

Ndikakumbukira nkhaniyi ndimapsa mtima, ndipo amene ndimamupsera mtima ndi ine ndemwe.

Nditamaliza maphunziro a uinjiniya, fakitale ya shuga inandilemba ntchito yophunzira ubwana. Ophunzirafe ankatizungulitsa: miyezi itatu kumunda wa nzimbe, itatu kuchigayo chofinyira nzimbe, itatu kumaboyila opangira nthunzi. Kuchigayo ndinapeza bambo Saidi a kwa Kanyenda, amene anayamba kuyendetsa makinawo ine ndisanabadwe.

Lachisanu lina masana anandipempha kuti, "Bwana wamng'ono, ndikaswali kumzikiti. Mungondionera lamba wa nzimbeyu, zikachuluka muchepetse liwiro."

"Pitani bambo, ine ndilipo," ndinayankha monyada, chipewa changa cha mabwana chili mbee.

Atangochoka ndinatulutsa foni. Nzimbe zinaunjikana, lamba anaduka, chigayo chonse chinaima. Manijala anabwera akuthamanga.

"Saidi ali kuti? Wamulola ndani kuchoka?"

Ine, injiniya wa digiri, ndinayang'ana nsapato zanga n'kunena kuti, "Kaya, ine sanandiuze."

Bambo Saidi anapatsidwa kalata ya chenjezo, yoyamba chiyambireni ntchito. Sanatsutse. Anangondiyang'ana, kofia yawo ili m'manja. Lolemba lotsatira miyezi yanga itatu inakwana, mabwana anandisamutsira kumaboyila, lipoti langa likunena kuti ndili ndi luso la utsogoleri. Utsogoleri wake uti? Wothawa nyansi zako zomwe?

Chondiwawa kwambiri n'chakuti bambo Saidi amandipatsabe moni pageti. Sabata yatha anandifunsa mwaulemu kuti, "Bwana wamng'ono, kumaboyilako Lachisanu mumawalolanso anthu?"