Masamba Amene Ndinakwirira Kudimba

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene chiwawu chinatisowetsa mtendere kudimba kwathu ku Henga. Matimati ankakula bwinobwino, koma mvula ikangolimbikira masamba ankachita mawanga akuda, kenako n'kuuma ngati apsa ndi moto. Chonsecho sopo ndi mchere wa pakhomo pathu zinkachokera m'dimbamo.

Chaka chimenecho kunabwera a Nabanda, mayi wofufuza za matenda a mbewu, kwawo ku Dedza. Anabzala mitundu inayi ya matimati m'dimba mwathu, uliwonse mzere wake, kuti aone umene ungapirire chiwawu. Anati adzabweranso kudzawerenga masamba odwala pa mzere uliwonse. Izi anafotokozera bambo okha, poti ku Henga tili ndi chilankhulo chathu ndipo pakhomo pathu ndiwo ankamva bwino Chichewa, ndipo bambo, monga mwa masiku onse, sanauze munthu. Mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Kwathu mlendo sapeza pabwalo posasesa. Titamva kuti a Nabanda afika Lachisanu, amayi anandituma kudimba. "Ukathothole tumasamba toipato tonse. Mlendo wa boma asatione ngati anthu auve."

Ndinalawirira mame asanakamuke. Ndinathothola mzere ndi mzere mpaka zala zinabiriwira, zikununkha matimati. Masambawo ndinakawakwirira m'dzenje, mumtima ndikudikira kuyamikiridwa.

A Nabanda atafika ndi kope lawo, anayenda mzere woyamba, wachiwiri, kenako anaima n'kugwira m'chiuno.

"Amayi, masamba odwala aja ali kuti?"

"Mwana wakonza," anayankha amayi monyadira. "Ngwakhama chomene."

"Kalanga ine! Nanga ndidziwa bwanji mtundu umene wadwala kwambiri?"

Ndinathamanga kukafukula dzenje lija, koma masamba anali atasakanikirana, osadziwika kuti ili ndi la mzere uti. A Nabanda sanandikalipire, anangotseka kope. Bambo, m'malo movomera kuti iwo ndiwo anaumira mawu, ankandiyang'ana ine ngati mbuzi yolowa m'munda. Choipitsitsa, pogwiragwira mbewu zonyowazo ndinali nditamwaza matendawo ndi manja anga. Pasanathe milungu iwiri dimba lonse linapsa, ndipo kafukufukuyo anakamuyambiranso chaka chotsatira m'dimba la eni ake.

Lero ndikudziwa kuti sitinachotse uve ayi, tinabisa matenda kwa munthu yekhayo amene akanatithandiza. Tinaopa manyazi a tsiku limodzi, n'kukhala chaka china chathunthu tikuthirira matimati akufa.