Chikanda cha Bana Malama

Rosalia Kapambwe anabadwa pa 9 Malichi 1951 m'komboni ya mgodi ku Mufulira, m'nyumba yogundana ndi holo ya mowa, ndipo iye mwini ankati nyimbo anaziphunzira kudzera pakhoma. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anayamba kuimba ndi kagulu ka anyamata a mumgodi, atavala diresi yobwereka ndi wigi yoyabwa. Mawu anali nawo. Chimene analibe ndi nkhope yomvetsa chisoni.

"Mulungu anandipatsa mawu a mngelo," ankatero, "koma nkhope anatenga ya mlonda wa pageti."

Choncho atalowa m'zisudzo, mbali ya mtsikana wozunzidwa inkapita kwa ena. Iye ankakhala mayi wopeza, kapena apongozi olusa. Mu Juni 1983 sewero lawo linaonetsedwa pa wailesi ya kanema, iye ali Belita, mkazi wachiwiri amene anathira mankhwala m'chikanda, chakudya cha timizu tosinja ndi nsinjiro choumbidwa ngati keke, nagwada, napereka kwa mkazi mnzake ndi mawu a uchi ndi ulemu wa Chibemba: "Idyani, mukwai, ndaphikira inu." Komboni yonse inaonera, anthu ataunjikana m'mawindo a nyumba zochepa zimene zinali ndi kanema. Kutacha, amayi a pamsika anakana kumugulitsa tomato. Rosalia anakondwa, nati ndiye kuti ntchito anaigwira.

Kukondwako kunatha pa 14 Ogasiti 1993. Mwana wake mmodzi yekhayo, Malama, anali atapeza mwamuna, mphunzitsi wofatsa dzina lake Kangwa. Tsikulo linali la chilanga mulilo, pamene akuchikazi amaphika zakudya zonse za kwawo n'kusenzera mkamwini. Mkamwini akapanda kudya, ukwati wathera pomwepo. Bana Malama, poti tsopano ankatchedwa ndi dzina la mwana wawo, anaphika chikanda ndi manja awo, chifukwa panalibe wowaposa. Amayi ena anasenza mbale akuimba kupita kwa mkamwini, iwo natsala pakhomo monga mwa mwambo.

Dzuwa litapendeka, mng'ono wawo anatulukira akuthamanga, nsapato zili m'manja.

"Achemwali, kwavuta uko. Azakhali a mkamwini afunsa amene waphika chikanda, ine pakamwa pangapa ndanena."

"Ndiye?"

"Avundikira mbale zonse. Akuti mwana wawo sadya za Belita."

"Za kalekale zija? Amene ndinamupha ujatu ali moyo, akugulitsa kaunjika ku Kitwe!"

Kuchipinda Malama anali atayamba kulira. Bana Malama anamanga duku, ulendo.

Anapeza azakhaliwo, Bana Chomba, atakhala pafupi ndi mbale, manja atapinda. Kangwa anali pampando, maso pansi, thukuta lili kamukamu m'suti. Bana Malama anaganiza kuti ulemu ukonza zinthu. Anagwada, nawomba m'manja, nafewetsa mawu.

"Idyani, mukwai, ndaphi..."

Sanamalize. Mayi wina anakuwa, wina anakokera mwana wake kumbuyo.

"Mwamva?" anatero Bana Chomba. "Ndi momwemuja! Mpaka kapendeketsedwe ka khosiko!"

Apa ndi pamene anazindikira kuti ulemu wawo wonse anauthera pa kanema, ndipo analibe wina wapadera.

"Asewere anga, lijatu linali sewero. Mankhwala aja unali ufa wa chinangwa."

"Usewere sunayambe, mayi. Sewero? Ine ndinalira mpaka maso kutupa. Munthu sangathire mwaluso chotero asanathirepo."

"Zikomo," anayankha Bana Malama mosaganiza, poti chiyambire ntchito panalibe amene anawayamikirapo motero.

Kenako anavundukula mbale, nadula chikanda, naponya m'kamwa. Apongozi kutafuna pamaso pa mkamwini! Kangwa anatembenukira kukhoma.

"Mwadya cha m'mphepete," anatero Bana Chomba. "Belita anathira pakati."

Anadya cha pakati.

"Nanga mbali iyo mwaisiyira yani?"

Anadya mbali iyo. Chikandacho chinali chachikulu ngati gudumu la wilibala, cha tsabola wosaumira, ndipo anachimaliza chonse misozi ili chuchuchu. Kutsokomola sanayerekeze, kugwira pamimba ayi, podziwa kuti akangotero mwana wawo akalamba pakhomo.

"Tidikire," anatero Bana Chomba. "Uja sanagwe nthawi yomweyo."

"Podikirapo ndikuimbireni, kapena tizingoyang'anana?"

Anaimirira nayamba nyimbo yaukwati, mimba ili gwa, mpweya ukuperewera pakati pa mawu. Pambuyo pake ankati m'moyo wawo sanaimbepo moipa chotero. Koma amayi osenza mbale aja anapolokozera, ng'oma inalowa, ndipo nyimbo ili mkati Kangwa anatambasula dzanja mwakachetechete, navundukula mbale ina, natenga ntchafu ya nkhuku. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu.

Bana Chomba anasuzumira m'mbale yopanda kanthu ija, napukusa mutu.

"Koma banja ili! Kubweretsera mkamwini chakudya, n'kudya okha."

Ukwati unachitika pa 2 Okutobala chaka chomwecho. Nkhani ija inawanda mpaka kwa olemba masewero, amene anasiya kupatsa Rosalia mbali za akupha, nayamba kumupatsa za alendo adyera. Anazisewera mpaka anapuma mu Disembala 2007, akudandaula kuti pamene ankapha, anthu ankamupatsako njira.