Ndege imene a Kamwendo sanaijambule

A Morris Kamwendo ali ndi zaka 68, anapuma ntchito, ndipo amakhala ku Ngong, pafupi ndi Nairobi, kwa mwana wawo Ndaziona. Ntchito yawo inali yokweza matumba a chimanga m'ndege za bungwe la mpingo zopita ku South Sudan. Ine ndinawadziwira kutchalitchi. Munthu uyu sakhazikika. Ulaliki amaumvera pakhomo, khutu lina lili kumwamba.

M'mawa amakwera minibasi, imene kuno amati matatu, kupita kumpanda wa bwalo la ndege la Wilson, kamera ili m'khosi. Ndege za apaulendo alibe nazo ntchito. Amadikira zamapulopela zonyamula katundu, zakalekale, zimene zatsala zochepa. Zambiri anazijambula kale. Imodzi yokha inkawazemba: ya mchira wautali, ija ankailongedza okha asanagule kamera. Inkatera mwa apo ndi apo, osadziwika tsiku.

Akazi awo, mayi Rosina, anatsogola kubwerera ku Ntcheu kukaona za denga la nyumba. Ankaimba foni.

"Abambo, mvula yayandikira. Mubwera liti? Kapena ndegeyo ndi mkazi wachiwiri?"

"Ndiijambule kaye. Mawa lake ndikwera basi."

Tsiku lina makaniko wa pabwalopo anawatsina khutu kuti ndege ija yatera, koma yagulitsidwa ku Congo. Inyamuka Loweruka, ndipo ndiko kupita kwake.

Loweruka anafika kumpanda osadya kanthu. Anayenda uku ndi uku kufuna mpata wabwino pa waya. Injini zinayamba kulira. Nthawi yomweyo anatulukira mkamwini wawo Edmond, ali ndi bambo ake amene anangofika kumene kuchokera kumudzi. Anatopa kuwadikira kunyumba.

"Asewere! Ife kuchoka ku Malawi konse kuja, inu muli pano kulondera mpanda wa eni?"

A Kamwendo sakanapereka dzanja limodzi kwa sewere. Anavula chipewa, anaika kamera paudzu, anagwira mlendoyo ndi manja awiri.

"Mwayenda bwanji? Kumudzi mwasiyako bwanji? Amayi miyendo ija?"

Asewere anayankha zonse, kuyambira maliro a mwezi watha mpaka mbuzi zimene zinabedwa. Kumbuyo phokoso linakula, waya wa mpanda n'kumanjenjemera.

"Bambo, si imeneyo?" anatero Edmond.

"Ndaimva."

Sanacheuke mpaka malonje atatha. Pamene ankatola kamera, ndegeyo inali kadontho kumadzulo.

Ku Ntcheu mvula inagwa, ndipo denga mayi Rosina anakhometsa okha. Foni akuimba mwa kamodzikamodzi tsopano. A Kamwendo akuti ndege zogulitsidwa ku Congo zimabwerera ku Nairobi zikafuna kukonzedwa. Amene anawauza zimenezo sindikumudziwa. Basi sanakwerebe.