Chishango cha Mwana wa Mkamwini

Mwana wathu wamkazi ali giredi faifi ku South Bend, aphunzitsi anapatsa ana onse ntchito yojambula chishango cha banja lawo, chonga zija amakhala nazo mabanja achifumu a ku Ulaya, zodzaza mikango ndi malupanga. Ine ndinati angojambula makina osokera a agogo ake, nkhani ithe. Koma bambo ake atamva, maso anachita kuwala.

Amuna anga ndi munthu wofatsa, koma ukangotchula za ufumu, mpunga umapserera pamoto iwe uli kumvetsera. Amalume awo anali mfumu yaikulu kwathu ku Dowa. "Uwu ndi mwayi," anatero. "Azungu adziwe kuti nafenso tili ndi magazi achifumu." Mwanayo sanachedwe. M'mawa mwake kalasi yonse inali itamva kuti pakati pawo pali purinsesi.

Amuna anga akaweruka kuchipatala kumene ankagwira ntchito, ankangokhalira kuwerenga matanthauzo a zizindikiro. Kufiira akuti ndi kulimba mtima, ndipo mkango woimirira ndi wosiyana ndi mkango wogona. Ndinawafunsa ngati ulipo mkango wotsuka mbale, koma sanaseke.

Loweruka lina tinapita ku Indianapolis, kulaibulale yaikulu kumene anthu amafufuza za makolo awo. Amuna anga anali ataitanitsa zithunzi za mabuku akale a atsamunda. Tinakhala pakati pa agogo achizungu ofunafuna sitima zimene zinabweretsa makolo awo, amuna anga ali kalikiliki kupukusa makina owerengera timafilimu. Mwadzidzidzi anakuwa, "Awa! Ndi awa!" Dzina la amalume awo linalembedwa mopotoka, monga ankachitira atsamunda, koma linali lomwelo, pamodzi ndi mafumu ena a m'mbuyo mwake. Ndinawaona akupukuta msozi ndi chala, ndipo nane ndinasangalala zenizeni.

Pobwerera tinadzera ku Lawrence kwa alamu anga, achemwali awo aakulu, namwino wosadziwa kubisa mawu. Amuna anga anayala mapepala patebulo, mwana naye n'kuonetsa chishango chimene anali atayamba kujambula.

Alamu anayang'ana, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira nthiti.

"Achimwene, mwadraiva ulendo wonsewu, mwaprinta zonsezi, osandifonera? Ufumuwu inuyo ukukukhudzani kudzera mwa ndani?"

"Mwa amayi."

"Eya. Nanga amalume anaulandira kwa ndani?"

"Kwa amalume awo."

"Ndiye mwana uyu akulowa pati? Kwathu mwana ndi wa kwa mayi ake. Achifumu ndi anyamata anga awo akuseweretsa mafoni pasofa. Uyu ndi mbumba ya kwa alamu. Inuyo pamenepa ndinu mkamwini basi."

Amuna anga anayamba kusonkhanitsa mapepala awo. Zonsezi ankazidziwa chibadwire, kungoti zaka za ku Amereka, kumene chilichonse chimayendera dzina la bambo, zinawaiwalitsa. Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, koma nditaona nkhope ya mwana, mtima unandiwawa. Lolemba anayenera kukaima pamaso pa anzake aja anawauza kale kuti ndi purinsesi.

Iyeyo Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi. Tili m'galimoto anandifunsa kuti mkamwini n'chiyani. Ndinamuuza kuti ndi mwamuna amene amasiya kwawo n'kukamanga nyumba kwa mkazi wake, kumalima ndi kulera ana amene sadzawerengedwa a kwawo kwa iye.

Anayang'ana minda ya chimanga yosatha ija ya m'mbali mwa msewu. Kenaka anayankhula m'Chichewa chake chotsimphina.

"Adadi, ndiye inu munasiya ufumu chifukwa cha ife?"

Zoona zake n'zakuti palibe amene anawalozerapo mpandowo. Patsogolo pawo panali abale ambirimbiri odikira. Ndinkati ndikonze, koma ndinaona amuna anga akumuyang'ana mwanayo pagalasi, nkhope itawala.

"Eya, mwanangu," anatero.

Lolemba mwanayo anakauza kalasi, mosachita manyazi, kuti iye si purinsesi, koma bambo ake ndi mkamwini. Aphunzitsi anamupempha kuti alembe mawuwo pabolodi. Mpaka chaka chinatha, aphunzitsi aja akakumana ndi amuna anga pakhomo la sukulu ankawaweramira pang'ono, poganiza kuti umenewu ndi udindo waukulu kwathu. Amuna anga ankangogwedeza mutu mwaulemu, ndipo ine sindinaulule.