Nyenyezi Ziwiri Pamwamba pa Bafa la Amake Bright

A Evaristo Kalinde anabadwira konkuno ku Kafue, m'nyumba za anthu a njanji. Bambo awo anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito yokonza njanji, ndipo sanabwererenso. A Evaristo atakula analowa ntchito pa fakitale ya nsalu, kumene ankakonza makina oluka mpaka fakitaleyo inatsekedwa. Kuyambira pamenepo amakonza makina osokera pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Ndi munthu wamfupi, woyankhula pang'onopang'ono ngati akusankha mpunga. Kutchalitchi amadziwika ndi ntchito imodzi. Lamulungu lililonse Misa ikatha amapalasa njinga kukapereka Ukaristia kwa odwala ndi okalamba, mpaka kumafamu a ku Shimabala. Ntchitoyi amaigwira ndi mtima wonse, ndipo ngakhale mvula siiwaletsa.

Koma kuseri kwa nyumba yawo ali ndi china. Fakitale ili pafupi kutsekedwa, injiniya wina wa ku India amene ankabwerera kwawo anawapempha kuti amukhomere mabokosi a katundu. Zonse zinalowa, kupatula telesikopu, paipi yaitali yokhala ndi magalasi yoonera zakumwamba. Injiniyayo anati angoitenga. Madzulo ake anawasonyeza chinthu chimodzi chokha. Pafupi ndi Mtanda wa Kummwera pali nyenyezi ziwiri zowala zimene zimakhala ngati zikuloza mtandawo. Anatembenuzira paipi pa yowala kwambiriyo n'kuwauza kuti asuzumire. A Evaristo anasuzumira, anachotsa diso, anayang'ana kumwamba, anasuzumiranso. Ndi maso inali imodzi. M'galasi zinali ziwiri, zachikasu, ina yaikulu ina yocheperako. Injiniya anawauza kuti ziwirizi zimazungulirana, ndipo ulendo umodzi umatenga zaka ngati makumi asanu ndi atatu. Anati munthu woleza mtima akhoza kuziona zikusuntha.

A Evaristo anatsimikiza mumtima kuti munthu woleza mtimayo akhala iwo. Miyendo ya telesikopu itathyoka, anaikhomera pa chitsulo cha makina osokera opalasa ndi phazi, chija cholemera cha timawilo ting'onoting'ono. Akazi awo, a Molly, anaitcha paipiyo mkazi mnzawo, ndipo nshima ikazizira ankaitana kuti, "Atate a Towela, auzeni aang'onowo kuti akuphikireni." Zaka zinapita. A Evaristo anaona nyenyezi zija zikuyandikana mpaka cha m'ma 2015, pamene mpata wake unatsala wongolowa ulusi. Kenaka zinayamba kutalikirananso. Anapeza zinanso zoyenda ziwiriziwiri, monga ya kumpoto imene ina ndi yagolide ina yabuluu, koma mtima wawo unali pa zoyamba zija.

Chaka cha chilala chija, pamene malaiti a magetsi ankangobwera ngati mlendo, anthu ambiri ankadandaula koma kumwamba kunayera. Chaka chomwecho m'nyumba yoyandikana nayo munalowa banja latsopano. Mwamuna, a Fackson Mwanza, amayendetsa minibasi pa msewu wa ku Lusaka. Mkazi, a Dailesi, amene onse amawatchula kuti amake Bright, amakapikula nsomba ku Chanyanya n'kumagulitsa pamsika. Anamanga bafa la mphasa ndi masaka pakona, pafupi ndi mpanda wa waya, lopanda denga, lolekezera m'mapewa. Amake Bright ankasamba dzuwa likangolowa, kuchotsa fungo la nsomba asanagwire mphika.

Mu Okutobala nyenyezi ya a Evaristo imakhala itatsika kale mdima ukamayamba, ndipo pakangopita nthawi pang'ono imalowa kuseri kwa mapiri. Pabwalo lawo panali malo amodzi okha amene denga ndi mtengo wa mango sizinkaitchinga, ndipo kuchokera pamenepo nyenyeziyo inkakhala ndendende pamwamba pa kona ija. Iwo bafa sanaliganizire n'komwe. Maso awo anali kumwamba.

Madzulo ena amake Bright anadzutsa mutu, sopo ali m'khosi, n'kuona kukamwa kwa chipaipi kutaloza kumene iwo anali, kumbuyo kwake kuli mwamuna wowerama.

"Mayo! Atate Bright, bwerani muone! Ba mdala aba banitenga filimu!"

M'mawa mwake nkhani inali itafika kale pampopi wa madzi, ndipo pofika masana inali m'mabenchi a nsomba. Amayi ena amene ankabweretsa makina awo kwa a Evaristo anayamba kudutsa mbali ina ya msewu.

A Kizito Tembo, wapampando wa mphakati, kagulu ka akhristu a m'dera lawo, anabwera pakhonde la sitolo n'kukhala pa kabenchi. Anayamba ndi kutentha, kenaka mtengo wa makala, kenaka anatsokomola.

"Ba Kalinde, ine nikudziwani. Koma anthu bakamba. Munthu wonyamula Thupi la Ambuye sangakhale pakamwa pa anthu choncho. Lachinayi mphakati ukumana. Kapena chipaipi chija muchilowetse m'nyumba chisatulukenso, kapena muyambe mwapumula kuyendera odwala, nkhani ipite kwa Abambo ku parishi."

A Evaristo anapitiriza kudonthezera mafuta m'makina amene anali pamiyendo pawo. Anaona kuti njira zonse ziwiri zinali ndi tanthauzo limodzi. Akabisa paipi, ndiye kuti avomera. Akasiya odwala, ndiye kuti avomeranso.

"A Tembo," anatero, "paipi siilowa m'nyumba, ndipo Lamulungu ndipita kwa odwala anga. Bwerani mawa masana, mutengenso a Mwanza."

Mawa lake, dzuwa lili pamutu, anatulutsa telesikopu amuna awiriwo akuona. Anailozetsa pa bafa lenileni, limene panthawiyo munalibe munthu, n'kuuza a Fackson kuti asuzumire. A Fackson anatsinzina diso limodzi, anawerama, anakhalitsa.

"Siniona kanthu. Ni fumbi chabe."

"Potokolani kachitsuloko mmene mungafunire."

Anapotokola uku ndi uku, koma munali chifunga chofiirira basi. Kenaka a Evaristo anatembenuzira paipi ku nsanja ya mafoni imene ili kutali paphiri. A Fackson atasuzumira anafuula.

"Iyee! Khwangwala! Koma waimirira chadodolido!"

A Evaristo anafotokoza kuti chinthuchi chinapangidwira zakutali. Chapafupi sichiona, ndipo chakutalicho chimachionetsa mozondoka. A Fackson anaseka mpaka kugwira mpanda. Anati chipaipichi chili ngati kondakitala wawo, amene amaona pasinja ali kutsidya kwa mlatho koma chenji ya munthu amene wakhala naye pafupi saiona. A Kizito nawo anasuzumira n'kugwedeza mutu, nkhope itamasuka. Alendo onse awiri anakhala mpaka dzuwa linalowa, ndipo a Evaristo anawasonyeza nyenyezi zija.

"Ziwiri zoona," anatero a Fackson. "Manje zimabweretsa chani, ba Kalinde? Mvula?"

"Sizibweretsa kanthu."

"Zaka zonsezi? Ah, imwe ndimwe olimba."

Pamenepo ndi pamene mawu anachokera kuseri kwa waya. Amake Bright anali ataima pamenepo ndi ndowa yamadzi m'manja.

"Mwaona, mwaseka, mwatsiriza? Manje ine nisambe kuti?"

"Amake Bright, bwera uone wekha," anatero amuna awo. "Ichi chinthu ni chakhungu."

"Sinifuna kuona. Chikhale chakhungu, chikhale cha maso anayi, ine nilibe nacho ntchito. Amene amavula chitenje kuno ndine. Nikadzutsa mutu, chinthu chaniloza, kumbuyo kuli mwamuna. Imwe mungasambe?"

Amake Bright anatembenuka. Ananyamula ndowa yawo kukasambira m'nyumba, m'kachipinda kotentha ngati uvuni. A Kizito anatsazika motsitsa mawu, nati nkhani ikadalipo.

Pakudya a Evaristo anadandaulira akazi awo kuti umboni wonse aonetsa koma mayiyo sakufuna kumva. A Molly anatsuka m'manja asanayankhe.

"Akunena zoona. Ndikanakhala ine, galasilo ndikanaliswa ndi munsi."

Mawuwa anawalasa. Anaona kuti masiku onsewa anali kalikiliki kuyeretsa dzina la paipi ndi lawo, koma za mayi amene akusambira m'chipinda mwezi wa Okutobala sanaziganizire ngakhale kamodzi. Iwo amene amalowa m'nyumba za odwala atavula chipewa, kuyamba agogoda ngakhale chitseko chili chotsegula, analephera kuona manyazi a munthu wa kuseri kwa mpanda wawo womwe.

Kutacha anatenga hamala n'kuyamba kuzula malata a kakhonde ka kuseri, kamene amasungirapo makala ndi mitu ya makina akale.

"Atate a Towela, mvula ili pakhomo, inu mukusasula denga?"

"Makala tilowetsa kukhitchini."

Ankadziwa bwino chimene akuchita. Khoma lotalika mokwanira kubisa kukamwa kwa paipi kwa munthu wa m'bafa linali lotalikanso mokwanira kubisa nyenyezi kwa munthu wa paipi. Miyezi yonse imene nyenyeziyo imakhala yotsika, pabwalo pawo sidzaonekanso. Anazula msomali wotsiriza, nasenza malata kupita nawo kumpanda.

Mwamuna salowa m'bafa la mkazi wa mwini, ngakhale atanyamula hamala. Choncho anadikira a Fackson kuti abwere kudzadya masana, n'kuwapatsira malata ndi mitengo pamwamba pa waya. A Fackson ndi katswiri pa chiwongolero, koma pa msomali ndi mlendo. Anakhoma chala chawo, anatchula mawu amene sayenera kulembedwa, napepesa poona kuti amene akuwapatsira misomali ndi munthu wa kutchalitchi. A Evaristo ankalangiza ali mbali yawo, osaponda ngakhale phazi limodzi kutsidya.

Atatha anatuma a Molly kuti akaime m'bafamo, iwo n'kuimika telesikopu pamalo ake a masiku onse.

"Mukuiona?"

"Ndikuona kansonga."

"A Mwanza, kwezani lina."

"Ba Kalinde, iyi manje ni nyumba ya alendo, si bafa!"

"Kwezani."

Lata lina linakwera. A Molly anati tsopano akungoona dzimbiri ndi mitambo. Amake Bright anali kumsika, ndipo pobwera anapeza malata atakwera kale. Madzulo a Evaristo anamva madzi akukhavukira kuseri kwa malata. Anayang'ana kummwera, ndipo pamene pankakhala nyenyezi yawo panali mdima wa lata.

Lachinayi mphakati unakumana pabwalo la a Kizito. Anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse, ena amene anali asanaonekeko chiyambire Pasaka. Anamva kulira kwa wilo losadzoza mafuta, ndipo atacheuka anaona a Evaristo akukankha wilibala. M'menemo munali chitsulo cha makina osokera chitagona chammbali, ndi telesikopu pamwamba, yosafunditsa ngakhale kansalu. Anaimika wilibala pachipata pomwe, anavula chipewa, nakhala pa benchi la amuna.

Atawerenga Mthenga Wabwino ndi kugawana mawu, a Kizito anaitchula nkhaniyo mwachidule, n'kutembenukira kumphasa ya amayi.

"Amake Bright, odandaula ndimwe. Tipite nayo kwa Abambo?"

Amake Bright anakonza duku lawo. Sanayang'ane a Evaristo.

"Dzulo nasamba bwino. Nkhani nilibe." Kenaka anawonjezera, "Koma nyenyezi zawo sinizifuna. Basaniitane."

"Sindidzakuitanani, mayi," anatero a Evaristo. "Ndipo pepani. Ndinayenera kuganiza kale."

"Ndiye Lamulungu odwala bakuyembekezani, ba Kalinde," anatero a Kizito, natsegula buku la nyimbo.

Pemphero lotsekera litatha, a Molly ndi amayi ena anayamba kugawa munkoyo, chakumwa chonga thobwa, m'makapu. A Evaristo anayang'ana kumadzulo, kumene kufiira kunali kutayamba kuzilala, n'kupepesa kuti sakhala nawo. Bwalo la mpira la kusukulu lili kutsidya kwa njanji, ndipo kumeneko kulibe denga, mango kapena bafa la munthu. Kunali patali ndithu kwa munthu wokankha chitsulo, ndipo nyenyezi inali itatsika kale.

Anagwira zogwirira za wilibala, nayamba ulendo. Anyamata oitanira minibasi pasiteji anawakuwiza kuti, "Ba mdala, mukasokera ndani kumdima?" Iwo sanacheuke. Pa ngalande yaikulu ya pafupi ndi njanji wilo linatitimira m'mchenga. Anakankha, linakana. Anabwerera m'mbuyo, anakankhanso, linakana. Akuti atsitse katundu kuti awolotse chimodzichimodzi, anamva mapazi kumbuyo. Anali a Fackson, kapu ya munkoyo ikadali m'manja, chala chomanga nsanza.

"Gwirani uko," anatero a Fackson, naika kapu pansi. "Koma mawa mugule girisi. Ili wilo lanu likumveka mpaka ku Chanyanya."

Ananyamula onse awiri, nawoloka.