Chidendene cha achimwene a Fulaye

Mwaswera bwanji abale. Kuno zinthu sizili bwino.

Mwamva kale kuti amayi aakulu atisiya m'mawa uno kuno ku Milepa. Titawaimbira amalume ku Namadzi, iwo akuti maliro sanenera pafoni, pabwere munthu, apo ayi manda asakumbidwe. Ndiye achimwene a Fulaye, akabaza aja, anangotenga njinga osalawa kanthu.

Chitunda choyamba anakwera bwino. Pachiwiri tcheni chinaduka, n'kulumikiza ndi waya. Achimwene atapereka uthenga, amalumewo anakwera minibasi, iwo n'kubwerera panjinga zitunda zomwezo dzuwa lili paliwombo. Pamtsetse womaliza mabuleki anakana. Anaponda tayala ndi patapata mpaka inatha, kenako ndi chidendene chenichenicho.

Ndawaona kuchipatala. Phazilo, abale, mnofu uli pamtunda, likununkhabe labala wopsa. Adokotala akuti sapalasa msanga, chonsecho ana awo amadyera njingayo. Koma achimwenewo akungofunsa kuti, "Amalume afika?"

Afikadi. Ali pampando akumwa thobwa, foni ili m'thumba.

Ndiwalankhule, kapena tikhalenso chete mpaka wina adzafere pamsewu pokanena maliro?